Kuthangata ndi kwina, thangata ndi kwina

Mphunzitsi wina wa ku Limbe walemba kuti: "Tinapita ndi ana asukulu ku esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kukaona nyumba yakale ya mzungu. Wotionetsa malo anati kale anthu 'ankathangata' mwini esiteti. Ndilembe choncho mu lipoti? Nanga nyumbayo anaimanganso kapena anaikonzanso?"

Aphunzitsi, chonde musalembe choncho. Kuthangata ndi mawu abwino. Mnzako udzu wamukulira m'munda, iwe unyamula khasu kukamulimirako, mawa iyenso abwera kwako, popanda wokakamiza mnzake. Koma pa maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu mawuwa anavala tanthauzo lina. Ntchito ya thangata munthu ankaigwira m'malo mwa lendi, chifukwa chomanga pamalo amene mzungu ankati ndi ake, ndipo wokana ankathamangitsidwa. Ambiri oigwira anali Alomwe amene anangofika kumene kuchokera ku Mozambique, opanda kwina kolowera. Nkhanza za thangata pa esiteti ya ku Magomero ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Choncho lembani kuti "ankagwira ntchito ya thangata". Mukati "ankathangata", mwana adzayesa kuti agogo ake ankapita kukathyola tiyi mwa chifundo chawo, ndipo zimenezo zimandipweteka mtima.

Mwini esitetiyo mutchuleni kuti mtsamunda. Imvani kumene mawuwa akuthera: munda. "Tsa" ameneyu ndi yemwe uja wa tsabwalo, woyang'anira bwalo ku Gule Wamkulu. Poyamba mtsamunda anali mwini munda, kenako dzinali linaphimba ulamuliro wonse wa azungu, n'chifukwa chake lero timati boma la atsamunda. Wolondola antchito m'mizere ya tiyi anali kapitawo, mawu amene tinabwereka ku Chipwitikizi.

Za nyumba, yang'anani zipupa. Ngati njerwa ndi zomwe zija, angosintha malata, apaka laimu ndi kuchirikiza khonde, anaikonzanso. Kumanganso ndi pamene inagwa n'kuyambira pa maziko. Mukafuna ana aone nyumba yoimabe pa zipupa zake, apititseni ku Mandala mu Blantyre, nyumba yosanja ya mu 1882 ya kampani ya African Lakes. Dzina la Mandala linachokera ku mandala amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala m'maso.