Mwana wanu akuthamangira aliyense chifukwa sanadziwebe kuti mayi ndi ndani

Amayi, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi mayankho amene abwera kale, ndipo sindikugwirizana ndi amene akukuuzani kuti muzingosangalala poti mwana ndi wochezeka. Mwati munakamutenga mwalamulo kumalo osungirako ana kudziko lina ali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo wakhala nanu miyezi inayi. Amakwera pamiyendo pa mlendo aliyense, angathe kugwira dzanja la munthu wosamudziwa n'kumapita osacheuka, koma akagwa salira, ndipo inu mukati mumunyamule amakukankhani. Mukufunsa ngati sakukukondani, komanso ngati achibale akunena zoona kuti mukumulekerera. Zonse ziwiri ayi. Mwanayu sanadziwebe kuti mayi amasiyana bwanji ndi munthu wamkulu wina aliyense, ndipo womuphunzitsa zimenezo ndinu.

Taganizirani kumene wachokera. Khanda lokulira m'banja likalira amabwera ndi munthu yemweyo, fungo lomwelo, mawu omwewo, usana ndi usiku, mpaka limadziwa kuti uyu ndi wanga. Kumalo osungirako ana, ngakhale oyendetsedwa bwino, olera amasinthana mashifiti. Wam'mawa ndi wina, wausiku ndi wina, uyu wasiya ntchito, uyo wabwera kumene, ndiye palinso alendo odzathandiza amene amafika, kumukumbatira, kujambulitsa naye, kenako osadzaonekanso. Mwana amatolapo zinthu ziwiri. Choyamba, kulira n'kungotaya mphamvu chifukwa palibe amabwera. Chachiwiri, ukamwetulira munthu wamkulu aliyense pali mwayi woti akunyamule. Ndiye kuchezeka mukukuonako ndi njira imene anapulumukira nayo. Kukukankhaniko nakonso kuli ndi chifukwa chake: ndinu nokha amene mukumuyandikira kwambiri, ndipo aliyense amene anamuyandikirapo kale anadzachoka.

Zambiri zimene tikudziwa pa nkhaniyi zinachokera ku Romania. Boma la Nicolae Ceaușescu litagwa mu 1989, kunapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba zosungira ana za boma, ambiri akungogona m'timabedi tsiku lonse popanda wowanyamula. Mabanja a ku Britain anatengako ena, ndipo dokotala wa maganizo a ana, Michael Rutter, ndi anzake anatsatira ana 165 mpaka atakula. Amene anachotsedwa asanathe miyezi 6 m'nyumbazo anakula mofanana ndi anzawo, pamene khalidwe lotsatira aliyense ndi kusakhazikika zinapezeka kwambiri mwa amene anakhalitsa. Pa kafukufuku wina ku Bucharest, wa Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, panali ana 136. Theka anapatsidwa mabanja owalera, theka anatsala, ndipo olowa m'banja anaposa anzawo pa nzeru, pa kulankhula ndi pa kudalira wowalera, makamaka amene analowa asanakwanitse zaka ziwiri. Musachite mantha poona kuti wanu anadutsa pang'ono pamenepo. Nyumba za ku Romania zinali zoipa koopsa, ndipo ana olowa m'banja mochedwerapo nawonso anapita patsogolo. Chimene ndikufuna mugwirepo ndi ichi: ofufuzawa anaona kuti khalidwe lothamangira alendo limachedwa kutha, moti limatha kupitirira ngakhale mwana atayamba kale kudalira mayi wake. Choncho musamayese chikondi chake poona mmene akuchitira ndi alendo.

Chochita ndi chapafupi kuchinena, chovuta kuchichita. Chepetsani anthu. Kwa miyezi ingapo, kumudyetsa, kumusambitsa, kumuveka, kumugoneka ndi kumutonthoza zikhale za inu ndi bambo ake basi, ngati alipo. Alendo abwere ochepa, asakhalitse, ndipo muziwauza asanalowe kuti asamunyamule komanso asamupatse chilichonse m'manja mwake. Akawatambasulira manja, azimwetulira n'kunena kuti, "Pita kwa amayi." Akabwera ndi mphatso, aikepo inu ndiye mumupatse. Ndikudziwa kuti izi zimawawa agogo amene anadikira mdzukuluyu kwa nthawi yaitali, ndipo padzapezeka wokukumbutsani kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawuwo ndi oona kwa mwana amene akudziwa kale kwawo. Uyu wakhala wa aliyense kuyambira ali wakhanda, ndipo ndi chimene chamuvulaza. Agogo afotokozereni mwaulemu kuti n'zakanthawi, ndipo apempheni athandize inuyo pa ntchito zina kuti manja anu akhale pa mwana.

Akagwa, thamangani ngakhale sakulira. Mugwadire, muone bondo, munene kuti, "Pepa, zapweteka eti?" Mukumuphunzitsa kuti ululu wake uli ndi mwini woumva. Akakana kunyamulidwa musamukakamize, khalani pansi pafupi naye. Kukhudzana kulowe kudzera m'masewera: kumudzola mafuta, kumupesa, kubisalirana nkhope, kuimba nyimbo yoomba m'manja. Ngati akufuna kumwetsedwa kapena kunyamulidwa ngati khanda, mulekeni atero, chifukwa akutola zimene zinamudutsa.

Mnyamata wanga nayenso anabwera kuchokera kudziko lina ali wamng'ono. Masiku oyambirira ankadzigoneka yekha podzigwedeza, atagwada, mutu ukugunda pang'onopang'ono m'mbali mwa bedi, ndipo ndikamuika dzanja pamsana ankauma thupi lonse. Ndinkangokhala pansi pambali pa bedilo, dzanja nditaliika pa bulangeti pomwe akuliona. Zinatenga nthawi kuti ayambe kuligwira. Chodabwitsa n'choti kusintha kwenikweni kunabwera mooneka ngati kuipiraipira. Anayamba kulira kwambiri, kunditsatira mpaka kubafa, kubisala kumbuyo kwanga mlendo akalowa. Anthu anati mwana uja wawonongeka, koma apo ndi pomwe anali atayamba kuchira. Nanunso tsiku limene adzalire mukutuluka pakhomo, musadandaule.

Za kulekerera, malire akhalepo ndithu, ndipo akhale omwewo tsiku lililonse, chifukwa mwana wotere amakhazikika akamadziwa chotsatira. Koma chilango chomutsekera yekha m'chipinda, kumunyanyala kapena kumumenya sichimugwira monga chimagwirira ana ena, chimangomutsimikizira zimene ankaziganizira kale. Akalakwa, mukhazikeni pafupi nanu mpaka mtima utsike, kenako muyesenso naye chinthucho moyenera. Ndipo pasapezeke munthu m'nyumba mwanu, ngakhale mocheza, womuuza kuti akapitiriza amubweza kumene anachokera. Mawu amenewo amafafaniza ntchito ya miyezi yambiri. Chenjeraninso ndi ena amene amadzitcha akatswiri n'kumalangiza kuti mwana azigwiridwa mwamphamvu mpaka agonje. M'chaka cha 2000 ku Colorado, ku United States, mtsikana wa zaka 10 amene analeredwa ndi mayi womutenga mwalamulo anafa chifukwa chobanika atakulungidwa m'nsalu pa "chithandizo" cha mtundu umenewu. Katswiri weniweni amagwira ntchito ndi inu ndi mwana limodzi, ndipo sakuuzani kuti mumuopseze.

Simunatchule za kudya, koma ndikukhulupirira zilipo. Mwina amadya mpaka kusanza, amasunga chakudya m'tsaya, kapena mumachipeza pansi pa pilo. Musamukalipire ndipo musamulande. Muzimupatsa chakudya pafupipafupi pa nthawi zodziwika, ndipo mumupatse kabokosi kakekake kokhala ndi tinthu tosawonongeka msanga, kuti azidziwa kuti chilipo. Akakhulupirira kuti sichitha, amasiya yekha. Kugona nakonso, ana ambiri otere sanagonepo okha m'chipinda cha zii, choncho bedi lake likhale m'chipinda mwanu pakadali pano.

Kuchipatala pitani ngakhale akuoneka wathanzi, ndipo muwauze adokotala momveka kuti mwanayu wachokera kumalo osungirako ana kudziko lina. Apime TB, HIV, hepatitis B, chindoko, njoka ndi tizilombo ta m'mimba, kuchepa kwa magazi ndi mtovu m'magazi, ngakhale mapepala akunena kuti anapimidwa kale. Khadi la katemera aliunike bwino, chifukwa ena amabwera nalo losadalirika. Makutu ndi maso musaiwale: mwana amene anadwala makutu kangapo osalandira mankhwala angaoneke wosamvera kapena wochedwa kulankhula pamene vuto ndi kumva. Ambiri amafika ali ochepa thupi n'kukula mofulumira m'chaka choyamba. Popeza wanu ndi mtsikana, dziwaninso kuti atsikana otengedwa kumayiko ena amakonda kutha msinkhu msanga kuposa anzawo, ndiye mukadzaona zizindikiro ali wamng'ono, kaonaneni ndi dokotala. Ngati khalidwe lotsatira alendo silikusintha pakatha miyezi yambiri, pemphani kuonana ndi katswiri wa maganizo a ana, ndipo dzina limene iwo amalidziwa ndi disinhibited social engagement disorder. Pakadali pano muzimugwira dzanja pagulu, chifukwa angathedi kupita ndi aliyense.

Chilankhulo ndi nkhani imene imandikhudza kwambiri. Mwana wa msinkhu uwu amasiya kulankhula chakwawo m'miyezi yochepa, nthawi zambiri asanachigwire bwino chatsopano, moti pamakhala nyengo imene alibe mawu okwanira m'chilankhulo chilichonse. Kupsa mtima kwambiri kumachokera pamenepo. Muzilankhula naye mwachidule, muziloza zinthu, muzigwiritsa ntchito manja ndi zithunzi. Phunziraniko mawu ochepa a kwawo, monga a madzi, kugona, kupweteka ndi chimbudzi. Chilankhulocho sichifafanizikiratu. Mu 2014 ofufuza a ku McGill University ku Montreal anaunika ubongo wa atsikana amene anatengedwa ku China ali makanda n'kukulira m'mabanja olankhula Chifalansa. Sankakumbuka mawu a Chitchaina, koma atamva kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu ka chilankhulocho, ubongo wawo unachita monga wa anthu ochilankhula. Ngati pali nyimbo za kwawo kapena munthu wolankhula chakwawo amene angamachezere banja lanu m'tsogolo, musazitaye. Dzina limene ankaitanidwa nalo lisungeninso, ngakhale likhale lachiwiri.

Tsopano za mapepala, zimene ambiri amaziiwala mwana akangofika. Onetsetsani kuti unzika wake m'dziko limene mukukhala watsimikizika ndipo muli ndi chikalata chake m'manja. Ku United States lamulo lopatsa ana otere unzika linakhazikitsidwa mu 2000, koma silinaphatikize amene anali atakwanitsa kale zaka 18 pamene linayamba kugwira ntchito, ndipo ena mwa iwo anadzathamangitsidwa ali akuluakulu kupita kumayiko amene sankawadziwa n'komwe, chifukwa makolo sanamalize mapepala. Ngati dziko limene anachokera limafuna malipoti a mmene akukulira, atumizeni pa nthawi yake.

Sungani chilichonse: chigamulo cha khoti, satifiketi yoyamba yobadwira, pasipoti yakale, zithunzi, ngakhale zovala zimene anavala tsiku limene munamutenga. Pangano la mayiko la ku Hague la 1993, lokhudza kutenga ana kumayiko ena, limauza mayiko kuti asunge mbiri ya kumene mwana anachokera, koma musadalire maofesi okha. Mabungwe amatsekedwa, ndipo mayiko amasintha malamulo: Ethiopia inaletsa kutumiza ana kunja mu 2018, China inasiya mu 2024. Palinso chinthu chowawa choyenera kuchidziwa. Ana ambiri a m'malo osungirako ana ali ndi kholo limene lili moyo, ndipo mapepala sanena zoona nthawi zonse. Ku South Korea, kumene kunachoka ana pafupifupi 200,000, komiti ya boma yofufuza zakale inanena mu 2025 kuti ena analembedwa kuti ndi amasiye makolo awo alipo. Choncho musamuuze kuti amayi ake anamwalira kapena kuti anamutaya ngati mulibe umboni. Muzinena zokhazo zimene mukuzidziwa, ndipo pamene simukudziwa munene kuti mudzafufuza naye limodzi.

Nkhani yake muyambe kumuuza panopa, asanayambe kuimvetsa, kuti pasadzakhale tsiku limodzi lalikulu lomuululira. Pangani kabuku ka zithunzi: apa ndi pomwe unabadwira, awa ndi amene ankakusamalira, iyi ndi ndege imene tinakwera. Ngati khungu kapena nkhope yake ikusiyana ndi yanu, anthu adzafunsa mafunso iye akumva, ndipo yankho lanu ndi limene adzaphunzirepo. Simukuyenera kufotokozera aliyense mbiri yake, ndi yake. Koma musamanamizire kuti kusiyanako kulibe, ndipo mufunefune anthu ooneka ngati iye oti azikhala nawo pafupi akamakula. Musalolenso anthu kumamuuza kuti ndi wamwayi ndipo azithokoza, chifukwa anayamba wataya zambiri asanakupezeni, ndipo ali ndi ufulu wozilira.

Nanunso dzisamalireni. Kukanidwa tsiku ndi tsiku ndi mwana amene munamulimbanira chonchi kumafooketsa, ndipo makolo ena amadwala matenda a maganizo mwana atafika, monga zimachitikira kwa amayi obereka kumene. Ena amachita manyazi kunena kuti chikondi sichinabwere tsiku loyamba, koma zimachitika kwa ambiri ndipo chimakula mukamamusamalira. Mukaona kuti simukugona, mukungolira kapena mwayamba kumupewa, uzani adokotala msanga. Ndipo sabata ino ikanatha mutakhala pansi n'kulemba zonse zimene mukukumbukira za kumene munamutenga: mayina a omulera, amene ankagona naye pafupi, zimene anakuuzani pakamwa zosalembedwa m'mapepala, ndi nambala ya munthu mmodzi wa kumeneko amene mungadzamupeze pakapita zaka.