Kufomata kokha sikufufuta zimene zili mu laputopu

Mayi, mwafunsa ngati kufomata laputopu yanu n'kokwanira musanaigulitse, popeza munkasungamo zikalata za bizinesi, zithunzi za banja ndi makope a ziphaso za unzika za antchito anu. Sikokwanira ayi, ndipo amene akuuzani kuti mungofomata basi akunena zimene ambiri amachita, koma zimenezo sizingakutetezeni.

Mukadina Delete, kapena mukachita quick format, kompyuta siifufuta fayiloyo. Imangochotsa dzina lake pamndandanda umene umasonyeza pomwe fayilo iliyonse ili, n'kulemba kuti malowo ndi opanda mwini. Zili ngati munthu wang'amba tsamba la zamkatimu m'buku, koma masamba ena onse n'kuwasiya momwemo. Kufikira tsiku limene chinthu china chidzalembedwe pamalo omwewo, zakalezo zimakhalapobe, ndipo mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec amazifukula mosavuta. Ineyo ndinagulapo hard disk yakale pamalo ena okonzera makompyuta, mwini malo n'kunditsimikizira kuti ndi yofomata. Nditaiyesa ndi Recuva, pasanathe ola limodzi pasikirini panali zithunzi za chinkhoswe cha anthu osawadziwa, makalata ofunsira ntchito, ndi chithunzi cha pasipoti ya munthu wina chooneka bwinobwino mpaka nambala yake. Vutoli si la kwathu kuno kokha. Mu 2003 Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat a ku yunivesite ya MIT ku America anafalitsa zimene anapeza atagula ma hard disk akale 158, ndipo mwa 129 amene ankagwira ntchito, 12 okha ndi amene anali atafufutidwa moyenera, pamene m'ena munatuluka manambala masauzande a makadi a ngongole.

Chochita chimadalira mtundu wa disiki imene ili m'laputopu yanu. Pa Windows 10 kapena 11, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, ndipo pansi pa Disk mudzaona palembedwa HDD kapena SSD.

Ngati ndi HDD, ija yokhala ndi timbale tozungulira m'kati, mankhwala ake ndi kulemba zinthu zina pamwamba pa zakalezo kuyambira koyambirira mpaka kumapeto kwa disiki. Pa Windows sankhani Reset this PC, kenako Remove everything, ndipo musaiwale kulowa pa Change settings n'kuyatsa Clean data, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha. Njira ina ndi kuika DBAN, pulogalamu yofufutira disiki yonse, pa fulashi, n'kuyatsira kompyuta pa fulashiyo. Mudzamva ena akunena kuti muyenera kubwereza ka 35. Nambala imeneyi inachokera ku zimene katswiri wa makompyuta Peter Gutmann analemba mu 1996 zokhudza ma disiki a nthawi imeneyo, ndipo iye mwini anadzafotokoza pambuyo pake kuti pa ma disiki amakono kutero n'kosafunikira. Kamodzi n'kokwanira. Disiki ya 1 TB imatenga maola angapo, choncho yambani tsiku limene mukudziwa kuti magetsi sazima, batire ili yodzaza, chifukwa ntchitoyi ikadukira panjira gawo lotsalalo limakhala losafufutika.

SSD ndi imene imafuna kusamala kwambiri, ndipo apa DBAN musaidalire. SSD ilibe timbale, imasunga zinthu m'timachipu timene timatha mphamvu tikamalembedwa kawirikawiri. Pofuna kuti timachiputo tisathe msanga, kachipangizo kolamulira SSD kamasinthasintha malo olembapo, moti inu mukamaganiza kuti mwalemba pamwamba pa fayilo yakale, iko kalemba pamalo ena n'kusiya yakale ija pomwe inali. Kuwonjezera apo, SSD iliyonse ili ndi malo apadera osungira amene Windows saawona n'komwe, ndipo zidutswa za mafayilo anu zikhoza kukhala kumeneko. N'chifukwa chake muyenera kulamula SSD yeniyeniyo kuti idzifufute yokha. Lamuloli limatchedwa Secure Erase kapena Sanitize, ndipo limapezeka m'mapulogalamu a kampani imene inapanga disikiyo, monga Samsung Magician kapena Crucial Storage Executive. Malaputopu ambiri a Dell, HP ndi Lenovo opangidwira ntchito za muofesi alinso nalo mu BIOS, menyu imene mumalowamo kompyuta ikangoyaka Windows isanatseguke. Limatha mu mphindi zochepa, ndipo kufulumirako kusakukayikitseni.

Ngati simukulipeza lamuloli, njira imene ine ndimaikhulupirira ndi kuyamba mwakhoma disiki yonse ndi BitLocker, pulogalamu ya Windows imene imasandutsa zonse za pa disiki kukhala zosawerengeka popanda kiyi wake, kudikira mpaka itamaliza, kenako n'kuchita Reset ija. Zambiri mwa zotsalira zimene munthu angafukule zimakhala zosawerengeka popeza kiyi wake watayika. Njirayi imagwira bwino koposa pamene disiki inali yokhoma kuyambira tsiku limene munayamba kuigwiritsa ntchito. Pa Mac yokhala ndi chipu cha T2 kapena Apple silicon, Erase All Content and Settings imachita zomwezi.

Musanayambe chilichonse, koperani zimene mukuzifunabe pa disiki ina ndipo mutsegule mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti akoperekadi, chifukwa mukafufuta mwa njirazi palibe katswiri amene angakubwezereni. Tulukaninso mu akaunti yanu ya Microsoft kapena iCloud, ndipo muyang'ane ngati simunaiwale memory card m'mbali mwa laputopu.

Koma poona kuti munali ziphaso za anthu ena, amene sanakupatseni kuti zikafike kwa mlendo, ine ndikanakhala inu ndikanatulutsa disikiyo, n'kuikamo yatsopano yotchipa, kapena n'kugulitsa laputopu yopanda disiki pamtengo wotsikirako. Yakaleyo mukhoza kuiika m'kabokosi ka USB n'kumasungiramo zinthu kunyumba. Ngati ndi yakufa moti kompyuta siikuiona, musaiponye kudzala ili yamtunthu, pakuti timbale take tikhoza kukhala tabwinobwino. Ibowoleni ndi dirilo malo atatu kapena anayi mpaka kutulukira kuseri, ndipo mutchinge maso anu chifukwa timbale ta ma disiki ena a laputopu ndi tagalasi ndipo timathetheka. Ikakhala SSD, itseguleni n'kuphwanya kachipu kakuda kalikonse pakokha ndi hamala.