Kanema wabwino kapena kanema kabwino?

Achemwali ena a ku Ndirande andifunsa kuti analemba pa WhatsApp "dzulo ndinaonera kanema kabwino" ndiye alamu awo anawaseka kuti alakwitsa, akufuna adziwe ngati nzoona.

Achemwali, alamu anuwo sakunama ayi. Chakusokonezani ndi ka- ali koyambirirayo, mwamutenga ngati ka- wa kamwana kapena kambuzi pomwe mawuwa tinachita kubwereka ku Chingerezi kuchokera ku cinema, ka- wakeyo sakuchepsa chilichonse. Amayenda ngati kalulu ndi kabichi. Kodi munamvapo munthu pamsika akuti kabichi kanga kawola? Amati kabichi wanga wawola. Ndiye nenani kanema uyu, kanema wabwino, akachuluka makanema awa. Koma mukafuna kuchepsadi, monga tija ta pa TikTok ta mphindi imodzi, apo mpomwe mumati kakanema aka, timakanema iti, ndipo palibe angakutsutseni. Filimu yokha ili kwina, timati filimu iyi, yabwino, mafilimu awa. Vuto limabwera mukayamba ndi kanema nkumaliza ndi "inali yabwino", apo mwasakaniza ziwiri.

Achimwene ena ali ku Johannesburg akuti mwana wawo amakonda kunena kuti "ndaona filimu", kodi amukonze?

Mukonzeni ndithu koma mosakalipa, mwana wokulira kunja akamayesetsa chonchi ngofunika kumulimbitsa mtima. Kuona nkungoponya maso, mutha kuona filimu ili pa shelefu mu shopu osadziwa nkomwe kuti ikukamba chani. Kuonera ndiye kukhala pansi nkutsatira mpaka ithe, ngati momwe timaonerera mpira kapena gule wamkulu. Kungoti kuonera komweku kulinso ndi tanthauzo lina m'kalasi, mukamva kuti mwana wagwidwa akuonera musaganize za TV.

Funso lomwe landisangalatsa kwambiri lachokera kwa bambo ena omwe akuti anaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, akudandaula kuti adzukulu awo akatha kuonera amangoti "yandibowa", apo ayi "yandiwaza", akuti chimenechi si Chichewa.

Bambo, pepani, apa ndisiyana nanu pang'ono. Tamvetserani momwe kubowa kukuyendera pakamwa pa anawo: yandibowa, ndi yobowa, tabowana, musatibowe. Mneni ameneyu walandira zonse zomwe mneni wa Chichewa amalandira, ndiye tingamuthamangitse bwanji? Ndipo yandibowa sikufanana ndendende ndi sinandisangalatse, ikuonetsa kuti munthu anafika poyasamula nkumatokosa foni filimu ili mkati. Kuwaza nako nkwathu komwe, kuja kowaza madzi, achinyamata angokupatsa ntchito ina. Kumbukirani kuti TV yathu yoyamba, TVM, inabwera mu 1999 pomwe MBC inali pa wailesi kuyambira 1964, nchifukwa chake mpaka pano timati wailesi ya kanema, tinatenga dzina la chinthu chomwe tinkachidziwa kale nkumatapo china. Mawu okambira mafilimu ambiri anakulira m'mavidiyo sho ndi m'kamwa mwa anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja, osati m'mabuku a sukulu.

Pomwe ndigwirizane nanu mpoti mdzukulu akamalemba chimangirizo asaike yandibowa, alembe kuti sinandigwire mtima kapena inali yotopetsa. Komanso mumufunseko kuti yamubowa pati, chifukwa ambiri amathera pa liwu limodzi lomwelo, ukati afotokoze nkhani yake amangoti "aaa agogo, muonere nokha".