Winter yabwino ndi iti? Funsani okonda snow, osati ife amantha

Abale anga amene mwangotsika ndege kuno ku Ottawa, ku Canada, pemphero lanu ndikulidziwa chifukwa inenso ndinalipempherapo: Ambuye chaka chino snow isagwe yambiri, kuzifundako pang'ono. Tsiku lina mnyamata wina wakwathu yemwe wabwera kusukulu mu Seputembala amandionetsa zanyengo pa foni yake akumwetulira, akuti "bigi taonani, sabata yonseyi ndi ziro, plus 2, plus 1, zatiyendera". Ndinangoseka nkumuuza kuti mphwanga, imeneyo ndiye nyengo yothyola anthu miyendo. Sanamvetse, ndiye ndati bwanji ndilembe kuti ndisamabwereze kwa aliyense payekha.

Ine ndinafika kuno chakumapeto kwa 2007, ndipo mwatsoka kapena mwamwayi ndinagwera mu winter yomwe anthu akuno amaikambabe mpaka lero. Pabwalo la ndege la Ottawa anayeza snow yoposa masentimita 430 nyengo imeneyo, mamita anayi ndi kanthu abale, pomwe chaka wamba imakhala cha mma 220. Inangotsala pang'ono kuposa ya 1970 mpaka 1971 yomwe inafika 444. Ine ndinkangoona milu mmbali mwa msewu yotalika kuposa ineyo, ukamatuluka pakhomo ngati ukuyenda mu ngalande, ndimvekere basi ndalakwitsa dziko. Munthu amene kuzizira kwake konse ankakudziwa ndi kwa ku Dedza mu Juni ndi chiperoni cha ku Thyolo, mukuona bwanji.

Koma chinandidabwitsa ndi anzanga akuntchito. Mu Malichi 2008 itagwanso ina yambiri, ine ndikudandaula, iwo ali pa kompyuta kuwerengera kuti kwatsala masentimita angati kuti rekodi ya 1971 ithyoke, ndipo italephera kufika ena anakhumudwa zenizeni ngati timu yawo yagonja pa fainolo. Ndinkati azungu awa mitu yawo sikoka. Bambo wina wachikulire amene tinkagwira naye limodzi anali ndi kakope komwe ankalembamo snow ya pakhomo pake chaka ndi chaka, ndipo pa tiyi nkhani yake inali imodzimodzi, chaka chakuti inali winter yeniyeni, chaka chakuti inali yabodza. Mukukumbukira mmene agogo athu amakambira za mvula, kuti chaka chija inabwera bwino ndipo chaka chinachi inadula chimanga chikumasula? Ndi chimodzimodzi, mpaka kukangana kwake.

Zinanditengera zaka zingapo kuti ndimve chimene ankatanthauza. Kwa iwowa winter yabwino ndi ija yoti kukazizira mu Disembala kumangokhala kozizira, minus 8, minus 12, minus 15, snow ikagwa imakhala youma ngati ufa woyera, ukaiponda imalira kuti kwichi kwichi, ukaikuntha pa jekete imangoyoyoka osanyowetsa. Winter yoipa ndi yosinthasintha, lero plus 3 snow ikusungunuka, usiku minus 10 madzi onse aja aundana, mawa mvula. Ine ndinkaganiza kuti amakamba choncho chifukwa amafuna kukasewera ski, masewero otsetsereka pa snow, ku Gatineau Park basi. Ayi ndithu, yabwino kwa iwo ndi yabwinonso kwa ife okwera basi ya OC Transpo 6 koloko mmawa.

Taganizani. Pa minus 15 uli ndi jekete yabwino, chipewa chobisa makutu ndi nsapato zoyenera, umayenda bwinobwino, pansi pamagwira, dzuwa nthawi zambiri limakhala likuwala ndipo snow yoyera ija imawalitsa ngakhale usiku. Pa plus 1 ndiye msewu wonse umasanduka phala lakuda la snow, mchere ndi matope, galimoto ikadutsa imakuthira mpaka mmaondo, masokosi anyowa ndipo munthu wonyowa amazizidwa kuposa wouma ngakhale foni ikunena kuti kukufunda. Ine kugwa kwanga koopsa sikunachitike mu winter ya mamita anayi ija ayi. Kunachitika chaka chofunda, mmawa wina kutagwa kamvula usiku, ndikutsika masitepe atatu okha a panyumba, ndinangozindikira ndili chagada ndikuona mitambo, dzanja linatupa masabata angapo. Ayisi wake uja saoneka, umangoti ndi simenti yonyowa.

Mvula youndana, imene akuno amati freezing rain, imeneyo ndiye muiope kuposa snow ina iliyonse. Imachitika kumwamba kukakhala mpweya wofunda koma pansi pali pozizira kuposa ziro, ndiye imagwa ngati mvula wamba koma ikangokhudza mtengo, waya wamagetsi kapena galasi la galimoto imaundana pompo. Funsani aliyense amene analipo mu Januwale 1998 akuuzani, ayisi anaunjikana pa mawaya mpaka nsanja zachitsulo zamagetsi kupindika, anthu mamiliyoni kummawa kwa chigawo chathu chino cha Ontario ndi ku chigawo choyandikana nacho cha Quebec anakhala mumdima, ena masabata, asilikali anachita kubwera kudzathandiza. Ine imeneyo sindinaione koma ya pa 5 Epulo 2023 ndinalipo, nthambi zikuthyoka usiku wonse ngati kukuphulika mfuti, ndipo ku Quebec kokha nyumba ndi mabizinesi oposa miliyoni anazimiridwa magetsi. Epulo amenewo, munthu ukuti winter yatha.

Apa ndiime kaye chifukwa pali chinthu chimene ife akwathu timachita mosaganiza. Magetsi akazima musayerekeze kukoleza makala mnyumba, kapena kulowetsa chowotchera nyama kapena jenereta mkati, olo mu galaja. Kwathu mbaula timaothera pakhonde kapena mnyumba yoti mphepo ikulowa pansi pa chitseko ndi mmalata, komabe timamva anthu afa atagona nayo. Nyumba zakuno nzomata paliponse, utsi wake wapoizoni wosanunkha uja ulibe kothawira, mumangogona osadzukanso. Chimodzimodzi galimoto ikakwiririka, yambani mwafukula kumbuyo ku ekizozi musanailize, makamaka ngati mwaika ana mkati kuti afundidwe.

Ndiye musamanyengeke ndi Disembala wofunda. Mu 2015 tsiku loti mawa Khirisimasi kunafika 17 digiri kuno, anthu akuyenda ndi malaya okha, udzu wobiriwira, okonda snow nkhope zili khwinya. Ife tinkati chaka chino tapulumuka. Pa 16 Febuluwale 2016 inagwa masentimita 51 tsiku limodzi, mabasi kutitimira, anthu kusiya magalimoto mmisewu. Amene anati jekete adzagula chaka chamawa analira tsiku limenelo.

Zovala sindichulukitsa. Ndalama yaikulu ikani pa nsapato, zosalowa madzi komanso zamano kunsi, mugule zokulirapo pang'ono kuti sokosi yokhuthala ilowe zala zikupumabe, chifukwa nsapato yothina imazizira. Jekete yamtengo wa lendi ya mwezi simukuifuna, ku Value Village mumapeza yabwino, kaunjika wakuno ameneyo ndipo palibe manyazi. Valani zingapo zopyapyala mkati mmalo mwa chimodzi chokhuthala, kuti mukalowa mu basi kapena mu shopu muzitha kuvulako, thukuta ndi mdani. Amene muli ndi ana ndipo ndalama zikuvuta funsani za Snowsuit Fund, amathandiza ndi zovala za ana za winter, ndipo dziwani kuti kusukulu ana amatuluka kukasewera panja ngakhale kuli snow, musamutumize mwana ndi juzi yokha. Pa foni musamangoona nambala yaikulu ija, onaninso wind chill, kuzizira komwe thupi limamva mphepo ikamaomba, ikafika cha mma minus 28 kupita pansi khungu losaphimba limatha kuwonongeka pakati pa mphindi 10 ndi 30, makutu, mphuno ndi zala ndiye zimayamba.

Za galimoto, kuno ku Ontario lamulo silikakamiza matayala a winter, koma mukangowoloka mtsinje kukakhala ku Gatineau, komwe ndi ku Quebec, galimoto yolembetsedwa ku Quebec iyenera kukhala nawo kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ine ndimati ikani basi, olo mukhale mbali ino, ndipo muwauze a inshuwalansi chifukwa amachotserako kangachepe. Ndipo mzinda umaletsa kuimika galimoto mumsewu akalosera snow ya masentimita 7 kapena kuposa, kuti magalimoto okankha snow adutse, tikiti yake ndinailawapo kamodzi ndipo sinakome. Pofosholo musachite ngati mukulima ndime ya ganyu kuti mumalize msanga, snow yonyowa imalemera ngati dothi la kudambo, achikulire ambiri mtima umawagwira pomwepo. Kankhani pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu ikugwabe.

Koma chimene chimagwetsa anthu ambiri akwathu si kuzizira, ndi mdima ndi kudzitsekera. Mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti folo, umapita kuntchito kuli mdima nkubwerako kuli mdima, ndipo Novembala wopanda snow ndiye woipitsitsa, zonse zotuwa, mitengo mbee. Zaka zanga zoyamba ndinkangoti ntchito, nyumba, WhatsApp ndi akumudzi mpaka pakati pa usiku, kunenepa ndi kukwiya zilizonse. Funsani adokotala za vitamin D, ife akhungu lakuda dzuwa lakuno silitikwanira. Ndipo tulukani. Apa ndi pamene ndinawamvetsa okonda snow aja, iwo winter saidikira kuti ithe, amakhala ndi chochita nayo.

Ine ski inandikana, ndinayesa kawiri basi. Koma Rideau Canal, ngalande yaikulu yamadzi yakuno, ikaundana, makilomita 7.8 pakati pa tauni anthu akutsetsereka ena mpaka kupita kuntchito atanyamula zikwama, ndimapita ndi ana, iwo pa ma skate ine ndikuyenda chammbali ndi BeaverTail yanga yotentha mmanja, chitumbuwa chakuno chimenecho. Kuti aitsegule pamafunika ayisi wokhuthala masentimita 30, ndiye pamafunika masiku ambiri otsatizana ozizira zedi. Mu 2023 sinatsegulidwe olo tsiku limodzi, koyamba chiyambireni mu 1971, ndipo chaka chotsatira inangotseguka masiku owerengeka. Tsiku limene analengeza kuti basi chaka chino zakanika ndinadzipeza ndikudandaula pa tiyi kuntchito kuti winter yanji imeneyi yabodza, mtsikana wina wa ku Zambia yemwe anali atangobwera kumene akundiyang'ana ngati mmene ine ndinkawayang'anira bambo a kakope aja.

Mnyamata wa foni uja ndamuuza kuti Loweruka ndimutenga tikagule nsapato, komanso timisomali tija tomangirira kunsi kwa nsapato chifukwa masitepe a kumene akukhala ndawaona, ndi achitsulo ndipo ali panja. Amene mulibe galimoto ndipo mukufuna kupita nawo mundiuze, malo atsala a anthu awiri.