Magazi akatayikira mumsana n'kupanikiza mtsempha waukulu

Mayi wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, wanditumizira imelo yokhudza bambo ake, amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kugwirana msanga, chifukwa cha matenda a mtima. Usiku wina bambowo anamva ululu woopsa pakati pa mapewa, ndipo pofika m'mawa miyendo inali itachita dzanzi, mkodzo osatuluka. Madokotala anati magazi atayikira mumsana. Mayiyu akufunsa kuti zimatheka bwanji munthu osagwa, komanso chifukwa chake madokotalawo anathamangira opaleshoni.

Mayi, mkati mwa mafupa a msana muli mphako yopapatiza momwe mumadutsa mtsempha waukulu wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Malowo ndi ochepa kwambiri, moti magazi ngakhale pang'ono akaundana m'menemo amaufinya mtsemphawo, ndipo ziwalo za m'munsi mwa pofinyikapo zimayamba kufa. Ngozi ya njinga yamoto kapena jakisoni wa pamsana zingachititse zimenezi, koma kwa munthu amene magazi ake sagwirana msanga chifukwa cha mankhwala monga warfarin kapena heparin, kamtsempha kakang'ono ka magazi kamatha kuphulika kokha.

Chimene chimaonetsa bwino vutoli ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi amene amaonetsanso mitsempha. Ekisireyi imaonetsa mafupa okha, kotero ikatuluka yabwino musaganize kuti zonse zili bwino. Amayezanso magazi, makamaka INR, kuti adziwe mmene akugwiranira. TB ya msana nayonso imapha miyendo, koma imabwera pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, pamene magazi amachita zimenezi m'maola ochepa.

Madokotalawo anachita bwino kufulumira. Poyamba amaimitsa warfarin n'kupereka vitamini K kapena plasma (gawo lamadzimadzi la magazi) kuti magazi ayambenso kugwirana, kenako amachotsa kachigawo ka fupa kumbuyo kwa msana ndi kutulutsa magazi oundanawo. Wopangidwa opaleshoni asanathe maola pafupifupi 12 chiyambireni vutoli, miyendo ikadagwederako, amakhala ndi mwayi waukulu woyendanso. Odwala ochepa amene mphamvu zikubwerera zokha amangowayang'anitsitsa m'chipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwathu kuno ndi mtunda, chifukwa kuchokera ku Angónia kapena Tsangano kukafika mumzinda wa Tete msewu wokha umadya maola angapo. Choncho musathowe msanawo, musateme mphini, ndipo musadikire kuti kuche. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene wodwala amamwa, ndipo mukafika muwauze anamwino nthawi yeniyeni imene ululu unayamba ndi pamene anakodza komaliza.