Mafunso a Owerenga: Kupeta Golide Tili pa Ulendo

Funso: Zikomo akonzi. Pa tchuthi cha Disembala ndikufuna kutenga ana kuti tikayese kupeta golide m'madzi, kongosangalala chabe. Kodi timitsinje todutsa pafupi ndi milu ya mchenga wa m'migodi kuno ku Johannesburg tingakhale pabwino poyambira? (Bambo wa ana atatu, Turffontein)

Yankho: Ayi bambo, kumeneko musapite ndi ana. Golide wa mzinda uno, yemwe anapezeka mu 1886 pa famu ya Langlaagte, ndi tinjere tosaoneka bwino ndi maso tomatirira m'mwala wolimba. Mwalawo amachita kuupera ndi makina n'kuthira mankhwala, ndiye mbale yopetera singakuthandizeni. Madzi ochokera m'milu imeneyo nthawi zambiri amakhala ndi asidi ndi zitsulo zapoizoni, kuphatikizapo uranium. Ndi malonso a ma zama zama, anthu okumba migodi mozemba lamulo, komwe mfuti sizisowa.

Pitani ku Pilgrim's Rest m'chigawo cha Mpumalanga, mtunda wa makilomita pafupifupi 350 kudzera ku Dullstroom ndi Mashishing. Golide wam'mitsinje anapezeka kumeneko mu 1873, ndipo tauniyi inachititsapo mpikisano wa dziko lonse lapansi wa opeta golide mu 2005. Kumalo oonetserako zokumba zakale amaonetsa alendo kapetedwe kake.

Kumbukiraninso lamulo. Precious Metals Act ya 2005 imaletsa kusunga, kugula kapena kugulitsa golide wosasulidwa popanda chilolezo, ndipo kwa mlendo m'dziko lino mlandu wotere ungakhudzenso mapepala ake. Petani pamalo ovomerezeka okha, ndipo funsani eni ake musanatenge kalikonse.

Funso: Ndinayesapo kamodzi koma m'mbale simunatsale kanthu, pamene mnzanga pambali panga anapeza timadontho tachikasu. Ndinalakwitsa pati? (Mayi wa ku Yeoville)

Yankho: Mayi, ngati munapetapo mphale m'lichero, theka la ntchitoyi mukulidziwa kale: chopepuka chimakwera, cholemera chimatsika. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, pomwe mchenga wamba sufika ndi katatu komwe. Ambiri amataya golide chifukwa chofulumira kutsuka asanam'patse mpata womira.

Mbale yabwino ndi yapulasitiki, ya masentimita 35 pakamwa, yobiriwira kapena yakuda, yokhala ndi timizere totumphuka mbali imodzi. Musaidzazitse, siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Imizeni yonse m'madzi odekha, fikisani dothi ndi zala mpaka zibuma zonse zitasungunuka, chifukwa dongo limanyamula golide n'kutuluka naye. Miyala ikuluikulu itsukireni momwemo musanaitaye.

Tsopano gwedezani mbale mwamphamvu uku ndi uku, ili m'madzi ndithu, kwa masekondi 15 kapena 20, mpaka mchenga wonse uzigwedera ngati phala lamadzimadzi. Apa ndi pamene golide akutsika. Kenako ipendekeni pang'ono, timizere tija tili kutsogolo, muziiviika ndi kuitukula modekha kuti madzi azikokolola za pamwamba zokha. Mukatero katatu kapena kanayi, iwongoleni, gwedezaninso. Mukadumpha kugwedeza kwachiwiriku, golide amakwawira kumlomo kwa mbale n'kugwa inu osaona.

Pomaliza pamatsala mchenga wakuda wokwana masupuni awiri kapena atatu. Tulutsani mbale, siyani madzi ochepa, muwazungulitse pang'onopang'ono. Mchenga wakuda umasuntha, golide amakhala phee m'mphepete mwa pansi. Mutoleni ndi nsonga ya chala chouma n'kukhudzitsa pakamwa pa kabotolo kodzaza madzi, agwera yekha.

Chenjerani ndi mafuta. Odzola m'manja kapena a pa mbale yatsopano amayandamitsa timagolide tating'ono. Tsukani mbale ndi sopo musanayambe. Kunyumba yesererani m'bafa ndi tizidutswa 5 ta mtovu wa mbedza m'mchenga. Mtovu ndi wopepukirapo kuposa golide, choncho mukamabweza tonse 5, mkono wakhwima.

Funso: Chonyezimira chilichonse m'mbale ndingachidziwe bwanji kuti ndi golide weniweni? Wina anandiuza kuti ndigule mercury. (Mnyamata wa ku Randburg)

Yankho: Achimwene, mercury, chitsulo chamadzimadzi chomwe ena amakolera golide, musamuyandikire n'komwe. Nthunzi yake imawononga ubongo ndi impso, ndipo akagwera mumtsinje amalowa m'nsomba.

Singano ndi mthunzi wa dzanja lanu n'zokwanira. Phimbani mbale ndi chikhatho: golide amakhalabe wachikasu mumthunzi, pomwe mica, yomwe ndi tizibenthu tonyezimira ta mwala, imazima ndipo imauluka madzi akangogwedezeka. Pyrite, mwala wooneka ngati golide uja amapusitsa anthu ambiri, mukamukanikiza ndi singano kapena kumupsinja ndi supuni amaphwanyika n'kusiya ufa wakuda. Golide ndi wofewa, amangophwatalala kapena kubooka, koma sasweka.