Yambani mwayeza malo musanasankhe nyengo

Achimwene, mwafunsa ngati kanjanji kanu kachidole ka HO (kochepetsedwa pa muyeso wa 1:87) katengere sitima zamagetsi zakale kapena zamakono. Ine ndinganene kuti tebulo lanu loyalapo kanjanjiko ndilo liyankhe kaye. Mabogi apaulendo a ku Ulaya otalika mamita 26.4 amakwana masentimita 30 pa muyeso wa 1:87, ndiye pokhota pothina amaoneka ngati akufuna kugwa. Ngati malo ndi ochepa, bwererani m'zaka za m'ma 1920, pomwe mabogi ambiri anali aafupi. Mutu wa sitima wa ku Switzerland wotchedwa Krokodil, umene unkakoka katundu pa njanji ya Gotthard, ngwautali ndithu, koma unapangidwa m'zigawo zitatu zopindika, choncho umakhota bwino. Ndipotu zitsulo zake zoyendetsa mateyala zikamavina, munthu sufuna kuchotsa maso!

Mtima wanga uli pa zaka za m'ma 1970, nthawi ya BR 103, mutu wa sitima wamagetsi wa ku Germany wokoka sitima zothamanga zapaulendo, koma umenewo umafuna njira yotakasuka.

Chinanso, mawaya apamwamba ndi mapolo ake agwirizane ndi dziko ndi nyengo yomwe mwasankha. Mukagule sitima mutatsimikiza kuti mapolo oyenera akupezeka.